Ana a Bokosi la ku Chipata

Chaka chimene Abson ankapita ku sekondale, dziko lisanalandire ufulu, mlongo wake wamkulu Esnati ndiye anamusenzera sutikesi kuchokera ku Nsefu mpaka pamsewu wa pa Jumbe, khanda lake lili kumbuyo. Esnati anali atasiya sukulu kuti makolo athe kuphunzitsa mwana mmodzi, ndipo mmodziyo anayenera kukhala wamwamuna. Lole itaima, Abson anagwira kamwendo ka khandalo nati, "Alongo, Delia uyu ndidzamulowetsa ku koleji ndi dzanja langa ili."

"Kwera," anatero Esnati, "lole ikusiya."

Anakweradi, ndipo kutsika sanatsike msanga. Sekondale kumtunda, basale ya boma latsopano yomulipirira sukulu, koleji, kenaka desiki yakeyake ku Lusaka. Koma kumtundako anaphunziranso china chimene sichinali m'mabuku, choti munthu wa kuchigwa ndi choseketsa anthu. Anzake ankamufunsa ngati kwawo amakwera njovu popita ku tchalitchi, ndiponso ngati kashembe ndiye ankamuwodzeretsa m'kalasi. Atafika ku Lusaka, kumene kunalibe womudziwa, anapeza mankhwala ake. Munthu akamufunsa kwawo, ankati ku Fort Jameson. Tauniyo itasintha dzina kukhala Chipata, bodza lakenso linasintha dzina.

Ofesi yake inapatsidwa ntchito yaikulu. Boma linkafuna kudziwa za ophunzira a m'makoleji onse a m'dziko: kumene amachokera, amene amalandira basale, amene amamaliza, amene amagwera panjira, ndi kumene amakathera. Cholinga chinali chabwino. Madera akutali amene ana awo ankavutika kufika ku koleji anali oti asungiridwe malo awoawo pamodzi ndi basale, kuti mwana wowerengera pa koloboyi asamapikisane ndi mwana wowerengera pa getsi.

Vuto linali pa kafunso kamodzi. Pofuna kudziwa kwawo kwa wophunzira, ofesi inkangoyang'ana adiresi yake ya makalata. Tsono ku chigwa cha Luangwa makalata ankabwera kudzera m'bokosi la ku Chipata, ndipo lole ya ku mishoni kapena ya mwini golosale ndiyo inkatsika nawo, msewu ukalola. Mwana wa ku Nsefu, wa ku Kakumbi, wa ku Jumbe, aliyense ankalemba bokosi la ku Chipata. Mayankho awo atabooledwa pa makhadi a makina owerengera, onse anasanduka ana a m'tauni. Chigwa chinatuluka chopanda wophunzira ndi mmodzi yemwe, ngati dera lopanda anthu.

Abson anaziona. Maina ena pa mapepalawo ankadziwa ndi agogo awo omwe.

Amene anadzutsa nkhaniyi pa msonkhano wa mu ofesi anali Nalishebo, mayi wa Chilozi wosadziwa kunong'ona. Iye anaimirira nauza a Benwell, mkulu wa kafukufukuyo, kuti ana a kwawo kumadambo a Zambezi amalandirira makalata m'tauni, chonsecho kufika m'tauniyo ndi ulendo wa pabwato.

"Ndiye mukufuna tiboolenso makhadi onsewa?" anafunsa a Benwell.

"Boolani. Amene anaboola koyamba sanaduke zala."

Anakangana mpaka tiyi anazizira, koma mayiyo sanakhale pansi. Potsiriza a Benwell anagonja nati madera a kwawo kwa Nalishebo awerengedwenso, mudzi ndi mudzi. Kenaka anayang'ana onse. "Alipo wina akudziwa dera lina lotere? Anene lero. Makhadiwa akapita, apita."

Nalishebo anatembenuka. "Bo Abson, inu ndinu a kum'mawa. Chigwa cha Luangwa chonse chija chilibe mwana wa ku koleji?"

"Ku Luangwa?" anatero mnyamata wina wa pamakina. "Pokhapokha ngati mvuu zayamba kulemba mayeso."

Ofesi yonse inaseka. Abson anamva kutentha kwa mwezi wa Okutobala wa kwawo kukwera m'khosi mwake, ngakhale feni inali kuzungulira. Pakamwa pake panali potsegula kale, mawu ali pa lilime. Koma kunena kukanakhala kuvula jekete pamaso pa anthu amene kwa zaka ankamudziwa ngati mwana wa m'tauni. Iyenso anaseka.

"Sindikudziwako bwino kumeneko, amayi," anatero.

Popita kunyumba anadzitonthoza monga amachitira anthu ophunzira, ndi zifukwa zoyalidwa bwino. Ansembe a ku mishoni adzaona cholakwikacho. Aphunzitsi adzalemba kalata. Akuluakulu a boma a kuchigwako sadzangokhala. Anaiwala dala kuti ansembe sankawerenga malipoti a ku Lusaka, ndi kuti aphunzitsi ambiri a kuchigwa anali otumizidwa kuchokera kutali, mitima yawo ili pa tsiku la transifa. Aliyense mwa iwo anali ndi kwawo kwake komudetsa nkhawa.

Lipoti linatuluka lokongola, lachikuto cholimba. Madera osungiridwa malo analembedwa, a kwawo kwa Nalishebo ali momwemo. Chigwa cha Luangwa munalibe.

Chaka chotsatira Delia analemba mayeso ake omaliza a sekondale. Anakhoza bwino moti akanawerengedwa ngati mwana wa dera lakutali, malo ndi basale zikanamupeza pakhomo. Koma pa mapepala anali mwana wa m'tauni ya Chipata, ndipo pakati pa ana a m'tauni anatsalira pang'ono, pang'ono penipeni. Malo anatha asanamufike.

Apo m'pamene Abson anathamangira kwa a Benwell, jekete ali nalo m'manja, n'kuulula zonse.

A Benwell anamufunsa kuti, "Iwe ndiwe wa ku Nsefu?"

"Inde, bwana."

"Paja ndinafunsa, uli pompo."

"Munafunsa."

"Lipoti linasainidwa kale. Udikire kafukufuku wina, boma likadzafuna."

Abson anatsika kuchigwa nthawi ya chimanga chachiwisi, pa lole yonyamula feteleza. Mitengo ya tsanya inali yomweija, fungo la nthaka yonyowa lomwelija, ndipo zinamuwawa kuti dziko limene analikana silinasinthe n'pang'ono pomwe pomudikira. Anamupeza Esnati kumunda, akukonza chilindo chimene njovu zinagwetsa. Anali atakalamba kuposa zaka zake.

"Mwaswera bwanji, alongo?"

"Taswera, kaya a ku Lusaka. Nsapatozo uvule, matope a kuno sadziwa bwana." Anamanga luzi, nalikoka ndi mano. "Delia akuti boma linawerenga ana a sukulu dziko lonse, ife silinatipeze. Akuti ndi ku ofesi kwanu komweko."

"Ndi komweko."

"Tsono anatiphonya bwanji, anthu tili pano?"

"Sankadziwa za bokosi la makalata. Panalibe amene anawauza."

Esnati analavula kachidutswa ka luzi. Sanakweze mawu, sanamuyang'anenso.

"Nanga akanawauza ndani?"

Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Delia anakwatiwa ku Kakumbi chaka chomwecho, ndipo amachapa zovala za alendo odzaona nyama. Ku koleji sanapiteko.