Bwana Amene Anapeputsa Buledi

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu Makwinja, amene anali bwana wamkulu pa kampani ina yophika buledi mu mzinda. Ubwanawo sanabadwe nawo. Anafika pakampanipo atavala nsapato zobwereka, ndipo ntchito yake yoyamba inali kusenza matumba a ufa kuwatsitsa pa lole. Amene anaona kuti munthuyu ali ndi mutu anali a Mulepa, mkulu wa ophika, bambo wosayankhulayankhula, wa zipsera za uvuni m'mikono monse. Iwo ndi amene anamuchotsa pa matumba n'kumuphunzitsa kukanda, kuyeza, ndi kudziwa pongomva fungo kuti buledi wapsa. Nthawi ya nkhomaliro ophika onse ankakhala pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa fakitale, n'kumagawana chimene aliyense wabweretsa, uyu chinangwa, uyu mapeyala, wina pakamwa pokha ndi nthabwala zake.

Yotamu anapitiriza sukulu uku akugwira ntchito, ndipo anayamba kukwera. Anakhala kapitawo, kenako woyang'anira malonda, mapeto ake bwana wamkulu. Anamupatsa ofesi pamwamba, galimoto ndi dalaivala wake, ndi nyumba ya mpanda kuphiri. Malipiro ake a mwezi umodzi, wophika akanawagwirira chaka chathunthu osawafika.

Zenera la ofesiyo linkayang'ana kuseri. Dzuwa likafika paliwombo, Yotamu ankaima pamenepo, chakudya chake chikuzizira pa tebulo, akuyang'ana anzake akale pansi pa mbawa paja. Mawu sankawamva. Ankangoona mapewa akugwedezeka ndi kuseka, ndipo mtima wake unkatsikira komweko.

Tsiku lina anatsikadi. Atangotulukira pa ngodya, kuseka kunaduka. Onse anaimirira. Wina anavula chipewa, wina anathamangira mkati kukatenga mpando. A Mulepa anapukuta manja pa ovolosi nati, "Takulandirani, bwana." Yotamu anakhala pampandopo yekha, anzake ali chiimire, chinangwa atachibisa kumbuyo. Anafunsa za umoyo, iwo anayankha mwaulemu. Patapita kamphindi ananyamuka, ndipo sanapiteko kachiwiri.

Kenako kunabwera chaka chimene ufa unakwera mtengo. Yotamu anafuna kuonetsa eni kampani kuti iye si munthu wogwedezeka. Analamula kuti mtanda wa buledi aliyense uchepetsedwe, awonjezere isiti kuti uzifufuma ngati kale, ndiponso asakanize ufa wabwino ndi wotchipa. Mtengo unakhala womwewo. Palibe anamukakamiza. Anaganiza yekha, nalemba yekha, nasaina yekha. Miyezi yoyamba phindu linakwera, eni kampani anamuombera m'manja, namuwonjezera malipiro.

A Mulepa anakwera masitepe katatu, buledi ali m'manja. Ulendo woyamba anawauza kuti bwana ali pa msonkhano. Wachiwiri, chimodzimodzi. Ulendo wachitatu Yotamu anamva chifuwa chawo kuseri kwa chitseko, chifuwa chimene ankachidziwa ngati cha bambo ake omubala, ndipo ananong'oneza mlembi wake kuti anene kuti watuluka. Ankadziwa chimene madalawo adzera.

Koma dzanja la wogula silinamizika. Amayi m'magolosale ankanyamula bulediyo, kumuyesa m'manja, n'kumubwezera pa shelefu. A m'matiyirumu anati buledi ameneyu ukangomuviika mu tiyi, watsala ndi chala chokha. Magalimoto ankatuluka odzaza, n'kubwerera ndi theka. Buledi wobwererayo ankapita kwa oweta nkhumba. Pofika kumapeto kwa chaka, kampani imene inadyetsa mabanja kwa zaka makumi atatu inali ikuyenda chokwawa.

Kutatsala tsiku limodzi kuti eni kampani akumane, mkulu woona za chuma analowa mu ofesi ndi mapepala awiri. Pa loyamba analembapo zifukwa: kukwera kwa ufa, kuzimazima kwa magetsi, kusowa kwa mafuta a galimoto. Zonsezo zinali zoona, koma makampani enawo anakumananso nazo ndipo buledi wawo ankatha. Pa lachiwiri panali mayina makumi anayi a anthu oti achotsedwe ntchito.

"Sainani apa, bwana," anatero mkuluyo. "Eni ake akungofuna kuona kuti tachitapo kanthu. Ife za m'matumba mwathu sizikhudzidwa. Chaka chamawa nkhani imeneyi idzakhala itaiwalika."

Yotamu anawerenga mayinawo limodzilimodzi. Ankawadziwa. Uyu anasenza naye matumba. Uyu ananyamula nawo bokosi la mayi ake. Uyu mwana wake anali atangosankhidwira ku sekondale. Anafufuza pa mndandanda wonsewo dzina la munthu mmodzi yekha amene analipo tsiku limene buledi anapeputsidwa. Sanalipeze, pakuti tsiku limenelo m'chipindamo munali iye yekha.

M'mawa mwake eni kampani anakhala mozungulira tebulo. Itafika nthawi yake, Yotamu anaimirira, mapepala aja osawagwira.

"Ufa unakweradi, magetsi anavutadi," anatero. "Koma chimene chathamangitsa ogula ndi ine. Ndinapeputsa buledi, ndipo amene anabwera kudzandichenjeza ndinawatsekera chitseko. Anthu ali pa pepalapo anangochita zimene ndinawalamula. Phindu litakwera munawonjezera ine, osati iwo. Lero latsika, yambirani kudula pa ine. Ngati mukuona kuti ndichoke, ndichoka."

Wapampando, mayi wina wa imvi amene malemu amuna ake anayambitsa nawo kampaniyo, anamuyang'ana m'maso.

"A Makwinja, mukudziwa chimene mukupempha?"

"Ndikudziwa, mayi."

"Kuchoka ndi kophweka," anatero mayiwo. "Mukhala pompano, mukonze zimene mwawononga."

Anamudula malipiro ndi theka. Galimoto anamulanda, nyumba ya kuphiri ija anaigulitsa. Mabwana enawo nawonso anawadulako, ndipo ena mwa iwo sanamupatsenso moni mpaka kalekale. Ngakhale zinatero, sizinakwane kupulumutsa onse. Mayina makumi anayi aja anatsika n'kukhala khumi ndi awiri. Khumi ndi awiriwo Yotamu anakana kuti alandire kalata pa geti. Anawaitana mmodzimmodzi, nawauza yekha chifukwa chake, akuwayang'ana m'maso. Ena analira. Mmodzi anamutukwana, iye anangowerama.

Atamaliza anatsikira ku mauvuni kuti akauze a Mulepa kuti muyezo wakale wabwerera. Sanawapeze. Ophika anayang'anizana, kenako mmodzi anati, "Bwana, madala aja anasiya ntchito. Iyi ndi sabata yachitatu. Anati manja awo akalamba, sangaphunzire kuumba bodza. Anapita kwawo ku Mulanje."

Sabata zitatu, iye ali pamwamba pomwepo, osadziwa.

Loweruka anakwera minibasi, kenako kabaza, akufunsira njira. Anawapeza a Mulepa m'munda mwawo akupalira nanazi. Madalawo anaimika khasu, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zafumbi.

"Galimoto mwaisiya kuti, bwana?"

"Ndilibe galimoto, bambo."

"Ndiye ndi zoona zimene anandiimbira anzanga," anatero, nakhala pa mzere. Yotamu anakhala pambali pawo, ndipo ulendo uno panalibe wothamangira mpando.

Anawauza zonse. Anapepesa za chitseko chija. Pomaliza anati, "Bwererani, bambo. Sindikudziwa kuti ndiyambira pati popanda inu."

A Mulepa anatola kamtengo n'kumachotsa dothi ku khasu. "Mwachita chinthu chachimuna, mwana wanga. Ambiri akanasaina. Koma ine tsiku lija ndinakuonani pa zenera ndikutsika masitepe. Ndinafika kunyumba n'kuuza akazi anga kuti timange katundu. Nyumba ya lendi ndinabweza, malata ndakhoma kuno, munda ndi uwu. Mtima sindinakusungireni chakukhosi. Koma msewu umene uja sindingauyendenso."

Anadula nanazi wamkulu, namusenda ndi chikwanje, nadyera limodzi. Dzuwa litapendeka anamuperekeza mpaka pa msewu, ulendo wa ola lathunthu, ngakhale mwendo unkawavuta. Minibasi itanyamuka, Yotamu anacheuka nawaona ali chiimire m'mbali mwa msewu, dzanja lili m'mwamba, mpaka tiyi wa m'minda anawaphimba.

Kampani ija sinafe. Ogula anabwerera pang'onopang'ono, monga abwerera munthu amene anapusitsidwapo. Pa khumi ndi awiri aja, asanu ndi awiri anawalembanso. Ena anali atamwazikana, osadziwika kumene analowera. Yotamu anagwira ntchito zaka zina zisanu ndi chimodzi, akukwera minibasi limodzi ndi antchito ake, ndipo iwo anayamba kumusungira malo. Koma wophika watsopano akamufunsa kuti zakutizakuti zimatheka bwanji, ankayamba kuyankha, n'kuima pakati, n'kunena chapansipansi kuti, "Panali munthu pano amene akanakuuza bwino."

Tsono inu amene mwandimvera, ambiri mwa inu muli ndi anthu pansi panu, kaya ndi mazana awiri, kaya ndi awiri okha pa okala. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ngati zokoma zimayambira pa inu, zowawa zisayambire pa wosesa. Zinthu zikalakwika, musafunse kuti tichotse ndani musanafunse kuti analamula ndani. Makwinja anachita bwino kudula pa iye mwini, ndipo mabanja makumi awiri ndi asanu ndi atatu anadya chifukwa cha mawu ake a tsiku limodzi. Koma malipiro odulidwa amangowombola ntchito za anthu. Munthu amene ankakukondani mokwanira kuti akuuzeni zoona, akatopa n'kumanga katundu, palibe theka la malipiro limene lingamubweze. Mwina alipo wotero kuntchito kwanu, amene mwakhala mukumuzemba. Mawa mukafika, mumuitane, mumupatse mpando, mumumvere akadali pafupi.