Tambula Imodzi Panjira ya ku Chipatala

Lakiyoni Chapotera anandilakwira. Dzina lake ndaliyika pamwamba kuti aliyense alione. Koma atsogoleri a gulu lathu la osiya mowa akuti tisamaloze munthu chala, tizinena mwa fanizo. Chabwino. Sukulu ine ndinalekeza Sitandade 5, koma fanizo ndilitha.

Panali munthu wina wonyamula matumba pamsika, ndipo ankamwa kachasu. Anamwa mpaka mkazi wake anamanga katundu n'kubwerera kwawo.

Chaka chimenecho kuchipatala cha m'deralo kunabwera anthu a kafukufuku. Ankafuna anthu akumwa oti aziwaona miyezi itatu iliyonse kwa zaka ziwiri. Ukafika ankakufunsa kuti wamwa kangati, n'kukuuziritsa mpweya m'kamakina kodziwa mowa. Potuluka ankakupatsa botolo la mafuta ophikira ndi sopo kuti udzabwerenso. Wopirira mpaka kumapeto, osajomba, anati adzalandira njinga. Munthu uja analembetsa. Njingayo ankaiona kale m'maso: kabaza, osatinso matumba pamsana.

Sanajombe. Koma ulendo uliwonse ankayankha kuti, "Ndamwa masiku onse," ndipo yankholo linayamba kumunyansa. Kutatsala ulendo umodzi wokha, anasiya mowa. Manja ananjenjemera sabata ziwiri, kenako anakhazikika. Ankhoswe ataona zimenezi anakhala pansi, ndipo mkazi uja anabwerera. Koma pamaso pa ankhoswewo ananena mawu amodzi: "Ndikadzamvanso fungo, ngakhale la dontho, musadzanditsate."

Patatsala sabata kuti tsiku lifike, munthu uja anakumana pamsika ndi mlembi wa kafukufuku, amene ankasunga mayina. Anamupatsa moni, n'kufunsa motsitsa mawu: "Achimwene, nanga munthu atasiya kumwa, dzina lake limakhalabe m'buku?"

Mlembi anaseka, nzimbe ili kukamwa. "Madala, ife timafufuza zidakwa. Osamwa azipita kutchalitchi, akalandire njinga kwa abusa." Analavula makoko n'kumapita.

Mawu amenewo anamukhala munthu uja pachifuwa ngati thumba la chimanga. Ankasenza katundu, maganizo ali kutali. Zaka ziwiri zipite pachabe? Nanga kamakina kaja kakapanda kupeza kanthu? Lachitatu anapita kuchipatala kuti akafunse bwino, koma anapeza chitseko cha a kafukufuku chili chokhoma, poti ankabwera pa tsiku lawo lokha. Kuuza mkazi wake sakanatha. Mkaziyo anali atayamba kale kunena kuti njinga ikabwera, ana asiya kubwezedwa kusukulu chifukwa chosowa yunifolomu. Akamuona akungoyang'ana chakudya, ankafunsa, "Bambo, mukudwala?" Iye n'kumati ndi msana.

Tsiku linafika. Panjira ya ku chipatala panali nyumba ya mayi wina wotcheza kachasu. Munthu uja anadutsa. Anayenda pang'ono, n'kuima. Anabwerera, n'kudutsanso. Thukuta lili kamukamu, mmawa wozizira. Ulendo wachitatu analowa.

"Tambula imodzi yokha," anatero. "Si yakumwa iyi. Ndi ya makina."

Anatseka maso n'kumeza.

Kuchipatala kamakina kanaupeza mowa. Mayi wamkulu wa kafukufuku anafunsa kuti miyezi itatuyi wamwa kangati. Munthu uja anati, "Kamodzi. Lero lino." Mayiyo anaika cholembera pansi n'kufunsa chifukwa, ndipo iye anafotokoza zonse.

"Wakuuzani ndani zimenezo? Njinga ndi ya aliyense wobwera, womwa ndi wosiya yemwe. Ndipo osiyawo ndi amene timafuna kumva kwambiri."

Anamuitana mlembi. Mlembi anakanda kumutu. "Aa, madala, inetu ndimangocheza."

Njinga anamupatsa, yatsopano, mapepala ali m'mafelemu. Panjira anatafuna masamba a gwafa, anatafuna ndimu ndi makoko omwe. Mkazi wake anamuchingamira pabwalo akuwomba m'manja. Atafika pafupi, manja aja anasiya. Sanakalipe. Analowa m'nyumba, anamanga katundu, n'kutenga ana. Munthu uja ankalondola kumbuyo akukankha njinga, akuchonderera kuti awanyamule mpaka pasiteji ya basi. Mkaziyo anayenda wapansi.

Fanizo lathera pamenepo. Tsono imvani.

Inu anzanga amene mwalembetsa mu kafukufuku watsopanoyu, landirani mafutawo, si tchimo. Koma musanasaine funsani wamkulu weniweni, pa anthu, kuti mphatsoyo ndi ya kubwera kapena ndi ya kumwa. Akayankha, funsaninso. Mukayamba kuopa kuchira chifukwa cha mphatso, dziwani kuti mbedza yalowa kale.

Ndipo inu osunga mabuku, mukamapatsa munthu wosauka chinthu kuti azibwerabwera, mwagwira chingwe chomwe chili m'khosi mwake. Musamaseweretse dzanjalo. Nthabwala yanu kwa iye ndi lamulo.

Tambula ija ndinamwa ndine, sindikukana, palibe anandigwira pakamwa. Kuchokera tsiku limenelo sindinalawenso. Koma ankhoswe anati sangamve za makina kuchokera kwa chidakwa, abwere mlembiyo adzanene yekha. Ndinakamupeza mlembiyo, Lakiyoni uja. Anati, "Musade nkhawa madala, Loweruka ndipita." Papita chaka ndi miyezi inayi. Mkazi wanga ali kwawo. Lakiyoni sanapite.