Alonda Oluma a M'manachesi

Ku Mwanza kunali mayi wina wolima manachesi. Anali ndi mitengo khumi ndi inayi kuseri kwa nyumba, ndipo ana ake ankadya ndi kuvala kuchokera m'mitengo imeneyo. Anali wolimbikira, koma wa mtima wapachala.

M'mitengomo munkakhala nyerere zofiira, zija zimalumikiza masamba n'kupanga chisa chonga mpira. Mayi akakwera kukathyola, zinkamulowa m'khosi ndi m'khwapa mpaka kutsika akudzikanda. Tsiku lina imodzi inamuluma pachikope. Anatsika, nayatsa udzu pansonga ya nsungwi, natentha zisa zonse, mtengo ndi mtengo.

Mlamu wake Zuze, mwini munda woyandikana nawo, anaima pampanda.

"Alamu, mwawachotsa ntchito alonda?"

"Alonda anji oluma bwana wawo? Atengeni, muzigona nawo."

Chaka chomwecho mayi anagula mbande pamsika wa kumalire. M'dothi la m'machubu a mbandezo munali tinyerere tachilendo, tating'ono, totuwa. Sitinkaluma. "Nyerere zaulemu ndi izi," anatero mayi.

Tinyerereto tinapeza mitengo ilibe mwini. Kamodzi kakapeza chakudya, posakhalitsa mzere wonse wafika. Sitinkamenyana tokhatokha: chisa cha patsinde ili ndi cha patsinde lija zinali banja limodzi, ndipo nyerere zina zonse zinathawa. Tinkaweta nsabwe za m'masamba ngati ng'ombe, n'kumazinyamulira kunsonga zanthete kuti tizinyambita timadzi totsekemera timene nsabwezo zimatulutsa. Masamba anada ngati apakidwa mwaye. Ntchentche zoboola zipatso, zimene kale zinkaopa kutera chifukwa cha nyerere zofiira zija, zinabwera mosaopa kanthu. Manachesi anayamba kuyoyoka asanapse, mkati muli mphutsi.

Tsidya la mpanda, nthambi za Zuze zinali zochirikizidwa ndi mphanda chifukwa cha kulemera.

Mayi anakhala masiku atatu akungoyang'ana. Kupempha kunkamuwawa kuposa kulumidwa. Tsiku lachinayi anapita.

"Alamu, ndibwerekeniko alonda aja."

"Oluma bwana aja?"

"Omwewo. Musandichedwetse, manachesi akugwa."

Zuze anaseka, namanga chingwe kuchokera pamtengo wake kufika pamtengo wa mayi woyandikira mpanda. Nyerere zofiira zinayamba kuwoloka pang'onopang'ono. Nkhondo inali yaitali. Mitengo ina zinailanda, ina zinalephera, pakuti alendo aja anali atachuluka kwambiri. Chaka chotsatira, mitengo isanu ndi umodzi yokha ndiyo inabala bwino.

Tsiku lothyola, nyerere yofiira inamuluma mayi pakhosi. Anakweza dzanja kuti aitswanye. Kenako anaitola bwinobwino, naiika patsamba.

Abale anga, mawu a Mulungu amaluma. Mnzako wokuuza zoona amaluma. Koma mtima uli ngati mtengo: sukhala wopanda mwini. Ukathamangitsa okudzudzula, malo awo amalowa ena, ndipo tchimo silibwera likuluma ayi. Limabwera mwaulemu, laling'ono, uli wolinyamula wekha, kenako limaitana anzake. Umadzazindikira zipatso zili pansi.

Ngati alipo amene munamutentha ndi mawu chifukwa anakuuzani zoona, musadikire masiku atatu. Tikatuluka m'tchalitchi muno, pitani mukamange chingwe, mitengo isanathe.