Ndudu Zodikira Tsiku Lake

M'nyumba ya a Branko Marinovich ku Kalgoorlie, tauni ya migodi ya golide, munali zinthu ziwiri zimene mwini wake ankati munthu wamba asakhudze: mpando wawo wa pawindo ndi bokosi la ndudu. Mpandowo mkazi wawo Lorraine ankaulanda nthawi iliyonse akafuna, koma bokosi ankangolizungulira ndi kansalu kopukutira fumbi ngati manda a mfumu.

Linali bokosi la matabwa a mkungudza, lonyezimira, lokhala ndi kawotchi koyezera chinyezi kutsogolo kwake. M'katimo munkagona ndudu zonenepa za ku Cuba, zija zokulungidwa ndi tsamba la fodya lokhalokha, zomwe zimafuna mpweya wonyowa pang'ono kuti zisaume. A Branko anazigula mosonkherana ndi mnzawo wa ponda apa m'pondepo, a Clarrie Pascoe, chaka chomwe onse awiri anapuma ntchito kumgodi wa golide. Anapangana kuti adzazisuta limodzi pa tsiku lalikulu. A Clarrie anangolakwitsa chinthu chimodzi: analola kuti bokosi lizikhala kwa a Branko, ndipo woweruza ukulu wa tsiku akhalenso a Branko omwewo.

Masiku akuluakulu anabwera ndithu, koma onse analephera mayeso. Mdzukulu atabadwa, a Branko anati ayambe wakula tione ngati adzakhale munthu. Timu yawo ya mpira itatenga chikho, anati yangopambana mwamwayi. A Clarrie atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri, kunja kunali mphepo, ndiye fodya wabwino sasutira mphepo. Lamlungu lililonse ankatsegula bokosi, kutola ndudu imodzi ya pakona yomwe ankaitcha mfumu ya zonse, kuinunkhiza atatsinzina, kumuonetsa mnzawo ali chapatali, kenako n'kutseka. Zaka zinatha motero.

Ndiye mkazi wa a Clarrie anamwalira, ndipo mwana wawo wamkazi anaumirira kuti bambo ake asakhalenso okha, akakhale naye ku Hobart, kutsidya kwa nyanja. Ulendo unakonzedwa m'mwezi wa Januwale. Apa a Branko anagonja, nati madzulo otsanzikana ndiwo tsiku lija. Ankadziwa kuti madala a msinkhu wawo akasiyana nyanja ili pakati, kuonananso n'kwa Mulungu. Zinkawapweteka kwambiri, ngakhale akanalola kumeza msomali kusiyana n'kuti anene.

Kutatsala milungu ingapo, dzuwa la Disembala litayamba kuswa mtengo, a Branko anatsegula bokosi Lamlungu monga mwa chizolowezi n'kupeza kamuvi ka kawotchi katagwera pansi. Anafinya mfumu ija pang'ono, ndipo inalira ngati tsamba louma.

"Likutuluka mpweya," anatero ndi mawu a munthu wolengeza maliro.

A Clarrie, omwe anali pakhonde ndi chitini cha mowa m'manja, sanadzuke n'komwe. "Ndiye bweretsa machesi, aise. Tisute lero lomwe."

"Lero ndi tsiku lanji?"

"Lamlungu. Tonse awiri tili moyo. Ukufunanso chiyani, gulu loimba?"

"Zauma, Clarrie."

"Zauma pang'ono chabe. Nafenso tauma, koma anthu akutipatsabe moni."

A Branko anatenga tochi, kuiyatsa, kuiika m'bokosi, kutseka chivindikiro, n'kukadzitsekera nalo m'kachipinda kosungiramo zakudya komwe kalibe windo. Mumdimamo kuwala kunatulukira pakona yakumbuyo, kamzere kopyapyala. Anatuluka, nalowetsa kapepala pamalopo, natseka, nakoka. Kapepala kanasololokamo popanda chokagwira. Thabwa la chivindikiro linali litapindika ndi kuuma. Mpaka pamenepa, tinene chilungamo, a Branko anagwira ntchito ngati munthu wanzeru.

"Zichotsenimo muziike m'kontena yanga ya makeke, ija yotseka bwino," anatero Lorraine. "Bokosilo mulisiye ndi kambale ka madzi m'kati, thabwa limwe pang'onopang'ono. Mwina libwerera lokha. Likakana, mulitumize ku Perth kwa amene anakugulitsani."

"Ndudu za ku Cuba m'kontena ya makeke?"

"Makeke anga sanaumepo."

"Mayi, ine ndatseka madzi pansi pa nthaka moyo wanga wonse. Thanthwe likadontha ankaitana ndani? Ndiye kabokosi aka kandikanike?"

"Pepani a injiniya," anatero Lorraine. "Ndinaiwala kuti tili mumgodi."

Vuto la munthu amene wakhala zaka zambiri akulimbana ndi ming'alu ya thanthwe n'lakuti mpata uliwonse amauona ngati mdani wofunika kumutseka pakamwa mpaka kalekale. A Branko anapita kushedi n'kubwera ndi zomatira za m'bafa, zija amatsekera m'mbali mwa sinki, zonunkha ngati viniga. Anati popeza thabwa lili ndi ludzu, limwe lero lomwe, osati zomwa pang'onopang'ono ngati wodwala. Anatulutsa ndudu, napukuta m'kati monse ndi nsalu yodontha madzi a pampope. Anabwezeramo ndudu, naikamonso siponji yonyowa pambali pake kuti zisadandaule. Kenako anapaka zomatira kuzungulira chivindikiro chonse, mokhuthala ngati akumanga damu, n'kuchikanikiza ndi njerwa ziwiri.

"Tsopano kampweya kayese kutuluka tione," anatero akupukuta manja.

"Nanga ife tidzalowa bwanji?" anafunsa a Clarrie.

"Ndi mpeni, pa tsiku lake. Lisanafike tsikulo palibe wotsegula."

"Branko, ndikukupempha ngati mnzako. Tulutsamo ziwiri zokha, yako ndi yanga. Zinazo uzimangire damu lakolo."

"Ukufuna tidye phwando lisanayambe? Dekha, mdala."

Fungo la zomatira litafika kukhitchini, Lorraine analamula kuti pakati pa bokosi ndi mwini wake, mmodzi akagone kunja. Bokosi ndilo linapita kushedi ya malata, komwe masana a Januwale munthu sukhalamo nthawi yotalika kuposa yotengera sipanala. A Branko ankapitako m'mawa uliwonse kukayang'ana kawotchi. Kamuvi kanakwera, kanakweranso, mpaka kanakagunda kumapeto n'kukhala pomwepo. Iwo ankabwerako akumwetulira, n'kumauza mkazi wawo kuti chinyezi choterechi ngakhale ku Cuba sanachionepo.

Tsiku lotsanzikana linafika. Anawotcha masoseji ndi anyezi kuseri kwa nyumba, Lorraine anapanga saladi ya mbatata, ndipo a Branko anavala malaya ositidwa, chinthu chomwe anachita komaliza pamaliro. Dzuwa litapendeka anapita kushedi n'kubwera atanyamula bokosi ndi manja awiri. Analankhula mawu ochepa okhudza ubwenzi ndi kuleza mtima, makamaka kuleza mtima. Kenako anadula zomatira ndi mpeni, nakanula chivindikiro.

Fungo ndilo linayamba kutuluka, la viniga wosakanikirana ndi nsapato yonyowa. A Clarrie anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. M'katimo ndudu zinali zitatupa mpaka kung'ambika, zitamatana, zitavala chuku chobiriwira ndi choyera ngati buledi woiwalika. A Branko anayesa kutola imodzi, ndipo inangophwanyikira m'zala zawo ngati phala. Anatola ina, chimodzimodzi. Anafukula mpaka pansi, kufuna ziwiri zokha, ngakhale imodzi yoti agawane, koma panalibe yopulumuka.

"Koma mpweya sunatuluke," anatero Lorraine. "Pamenepo pokha mwakhoza."

Palibe anaseka. A Branko anakhala pansi, manja ali bii, akuyang'ana bokosi. Munthu amene sanalirepo ngakhale tsiku lomwe thanthwe linamuthyola mwendo, maso ake anadzaza misozi. Sikuti ankalirira fodya. Zaka zonsezi anali atasunga chinthu chimodzi choti adzachite ndi mnzake, ndipo mnzakeyo sitima yapamtunda yoyambira ulendo wake inali ya m'mawa mwake.

"Ndakulakwira, Clarrie," anatero. "Theka linali lako. Sunalaweko n'kamodzi komwe."

A Clarrie anakanda kumutu, nayang'ana Lorraine. Lorraine anayamba kusonkhanitsa mbale zomwe zinali zosonkhanitsa kale.

"Kunena zoona, aise, ndinalawako."

"Wati chiyani?"

"Ukukumbuka utagonekedwa ku Perth chifukwa cha bondo? Ndinabwera kudzathirira tomato wako. Mlamu wangayu ananditsegulira bokosi. Ndinasuta imodzi pakhonde pomwepa, mapazi ndili nawo pa mpando wako."

"Bodza! Zinali zokwanira. Ndikanadziwa."

"Ndinagula ina yotchipa pomwetsera mafuta, n'kuiveka kamphete ka pepala ka inayo. Ndinaiika pakona."

A Branko anayang'ana pakona ya bokosi.

"Inde, yomweyo," anatero Lorraine. "Mfumu ya zonse. Mwakhala mukuinunkhiza zaka zitatu mutatsinzina."

Madzulo amenewo anatha ndi mowa wotsala ndi mawu ochepa. M'mawa mwake a Branko anaperekeza mnzawo kusiteshoni, atanyamula chikwama chachikulu ngakhale bondo linkakana. Anaima papulatifomu akukamba za kutentha, za mitengo ya mafuta, za chilichonse kupatula chimene chinali pamtima. Anthu atayamba kukwera, a Branko anagwira mkono wa mnzawo.

"Tandiuza chinthu chimodzi. Inali bwanji?"

A Clarrie anaganiza kaye, ngati akufuna kunama kuti amuchitire chifundo, koma ubwenzi wawo sunali wonamizana pa zinthu zikuluzikulu.

"Branko, sindinalawepo chinthu chokoma chotero. Ndinaisuta mpaka kupsa zala. Chinangosowa n'chimodzi, mpando winawo unalibe munthu."

Sitima inanyamuka. A Branko anabwerera kunyumba, nakhuthulira za m'bokosi zija m'bini, natsuka bokosilo bwinobwino. Lilipo mpaka lero pashelefu, ndipo Lorraine amasungiramo mabatani ndi ulusi, zinthu zosaopa mpweya. Pa ndudu zonse zija zomwe zinalonderedwa ngati golide, imene inagwira ntchito yake ndi imodzi yokha, yobedwa ija. Akuluakulu sananame pamene anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.