Dzira Lotentha ndi Galu wa Nazimbiri

Panali mayi wina, dzina lake Nazimbiri, amene ankakhala yekha ndi galu wake Akanene. Anam'tola ali kamwana, ndipo pakhomopo panalibenso wina womulonjera akamachokera kumunda. Koma Akanene anali ndi vuto limodzi: mazira. Nkhuku ikangotetera, iye makutu tcheru, ndipo isanamalize kulengeza, dzira lapita kale.

Anayamba ndi mazira a pakhomo pomwepo. Kenako analowa m'khola la a Gwedeza, oyandikana nawo nyumba, n'kumwa mazira onse amene thadzi lawo linkafungatira.

A Gwedeza anafika atanyamula dzira lowiritsa pasupuni, likufuka nthunzi.

"Mayi, mankhwala ake mukuwadziwa," anatero. "Tim'kanule kukamwa, tiponyemo ili, tim'tseke pakamwa mpaka lilime lipse. Mukakana, chingwe ndili nacho, ndipo mtengo wa mango suli patali."

Nazimbiri anali atawaonapo agalu ochizidwa motero. Mazira ankasiyadi, koma ankasiyanso eni ake. Ukawatambasulira dzanja, ngakhale lili ndi chakudya, iwo mchira pakati pa miyendo, ulendo. Mtima unamuwawa, kenako anapsa mtima.

"Bambo, thadzi langa ilo, tengani m'malo mwa mazira anu. Koma galu wanga simum'gwira."

"Kuongola mtengo n'poyamba, mayi. Ameneyu anauma kale."

"Ndiye ndisiyireni ndilimbane nawo ndekha mtengowo."

Anthu anamuseka, ati mayi watsegula sukulu ya agalu. Iye analeka kutaya makoko a mazira padzala, poti m'pamene galuyo analawira kukoma kwake. Nthawi yoti nkhuku ziikire, ankam'manga Akanene pamthunzi. M'mawa uliwonse ankaika dzira pansi, galu ali pachingwe. Akanene akati asendere, iye ankangoti, "Siya!" Galu akatembenuza mutu n'kuyang'ana mbuyake, kausipa kankagwera m'kamwa mwake. Mazira anasweka ambiri ndithu. Nazimbiri ankadyera masamba okhaokha, usipa ukuthera kwa galu, koma ndodo sanaitole.

Tsiku lina a Gwedeza anamuona Akanene akuyenda osamangidwa. Anabwera ndi chingwe chija, anthu akuwatsata kudzaonerera.

Nazimbiri sanakangane nawo. Anatulutsa lichero la mazira n'kuliika pakati pa bwalo, pamphuno penipeni pa galuyo.

"Akakhudza ngakhale limodzi, mtengo wanu wa mango uja mukaugwiritse ntchito," anatero. Ndipo anayang'ana galu wake. "Siya."

Atatero anatembenuka n'kupita kuseri kwa nyumba, kumene Akanene sakanamuona.

Kuseriko kulimba mtima konse kunam'thera. Anatsamira khoma, akudzifunsa ngati sanam'pereke yekha mnzakeyo kuchingwe. Kenako anamva mphuno yozizira ikum'gunda pamwendo. Akanene anali atawasiya mazira aja n'kumulondola.

Atabwerera kubwalo, anapeza a Gwedeza atawerama palichero, akutembenuza mazirawo kufuna losweka. Sanalipeze.

"Munam'dyetsa chiyani galuyu?" anafunsa.

"Usipa, bambo. Wozizira."

A Gwedeza anapinda chingwe chawo n'kumapita.

Tsono inu amene mukulera mwana wovuta, kapena mukuwongolera munthu amene anthu anam'taya kale, mverani. Ena adzabwera kwa inu ndi dzira lotentha, n'kukuuzani kuti kuno timatero. Kanani, ngakhale akusekeni mudzi wonse. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Amene mwam'tentha adzasiya choipacho, inde, koma adzakusiyani ndi inu nomwe. Amene mwam'phunzitsa moleza mtima adzasiya dzira pabwalo n'kubwera kudzakufunani kuseri kwa nyumba.