Mayi Amene Anatchinga Kamera

"Kodi si inu munathamangitsidwa pa wailesi ya kanema?"

Anafunsa choncho mtsikana wina amene anabwera kudzasoketsa siketi kwa mayi wina wa telala pa Luchenza. Mayi aja anachotsa kaphini pamlomo, namwetulira. "Ndine ndithu, mwanangu. Takweza mkono ndikuyeze."

Amayi anzanga, imvani mmene zinakhalira.

Mayi amenewa ankasokera pakhonde la sitolo ya eni ake. Makina awo anali okalamba, opalasa ndi miyendo, ndipo mvula ikabwera ndi mphepo ankathawitsa nsalu za makasitomala ngati thadzi lothawitsa anapiye. Koma dzanja lawo linali labwino. Choncho wailesi ina ya kanema ku Blantyre itaitana atelala kuti akapikisane, anthu a pamsika anawaumiriza kuti apite. Wopambana amakalandira makina amagetsi ndi chipinda chosokeramo, cha chitseko ndi loko. Mayi aja chitseko chimenecho ankachilota.

Opikisanawo, amuna ndi akazi omwe, anawaika m'nyumba imodzi. Makamera anali paliponse: posokera, podyera, ngakhale pampopi. Anthu ankaonera m'makomo mwawo n'kumavota pa foni. Lamulo lalikulu linali limodzi: wotchinga kamera, ulendo wa kwawo.

M'nyumbamo munali bambo wina dzina lake Chikakwiya. Ameneyo akakwiya ankaponya sizasi pansi, n'kutukwana aliyense amene wayandikira. Iyeyo ankatchula akazi kuti "osoka zigamba." Oonera ankaomba m'manja. "Mwamuna ndi ameneyu," ankatero m'mauthenga awo, "sabisa mawu." Atayamba kunyengerera atsikana awiri nthawi imodzi, oonerawo anati, "Shasha!"

Munalinso mtsikana wa ku Ntcheu, dzina lake Mwandida. Tsiku lina Chikakwiya atamukalipira kuti amusitire malaya, mtsikanayo anangoti, "Achimwene, simbi ili apoyo. Inenso ndabwerera mpikisano." Mawu ake anali omwewo basi. Koma mauthenga a oonera anagwa ngati matalala. Wamwano. Wosalangidwa. Adzamukwatira ndani? Ataonekanso akuseka ndi mnyamata wina pampopi, oonera anati ndi wachimasomaso.

Mayi athu aja ankaona zonsezi, osalankhula. Ankangoweramira pa makina, ndipo sabata ndi sabata mavoti awo ankakwera. Anthu ankawakonda chifukwa cha ziii wawoyo. Mumtima ankati, ndatsala pang'ono, ndipirire.

Kenaka linafika tsiku loti aliyense avale chimene wasoka, ayende pamaso pa oweruza. Mwandida anatuluka ndi diresi lobiriwira, lomukhala bwino zedi, moti oweruza anayamba kugwedeza mitu. Chikakwiya anaona zimenezo. Anadzuka akuseka. "Tiyeni tiyese ngati ulusi wa akazi umalimba!" Anagwira diresilo paphewa, nakoka ndi mphamvu zake zonse.

Kweee! Diresi linang'ambika mpaka m'chiuno.

Mtsikana uja anakhala pansi atafumbata chifuwa. Anyamata a makamera anathamangira komweko, wina kutsogolo, wina m'mbali, ngati akhwangwala aona chimanga chatayika.

Mayi aja anaimirira. Lamulo ankalidziwa, chitseko ndi loko ankazionanso m'maganizo. Koma kwathu kuno, mkazi akagwa pamsewu kapena matenda a uchembere akamupeza panjira, akazi safunsana mayina. Amamasula zitenje n'kumanga mpanda. Manja awo anakumbuka zimenezo mutu usanamalize kuwerengera. Anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, natambasula manja onse awiri, naima pakati pa mwanayo ndi makamera.

"Mama, chokanipo! Mukutchinga kamera!" anakuwa mkulu wa pulogalamu.

"Ndikudziwa, mwanangu," anayankha motsitsa.

Kamera ikapita kumanja, iwo kumanja. Ikapita kumanzere, iwo kumanzere. Dziko lonse tsiku limenelo linaonera maluwa a pachitenje, mpaka mtsikanayo anadzikulunga nacho n'kulowa m'chipinda.

Mkulu uja anawaitanira pambali. Anali mnyamata waulemu ndithu, anawapatsa ndi mpando. "Mama, anthu amakukondani, sitikufuna kukutayani. Ingopepesani pa kamera. Munene kuti mtsikanayu anasoka mofooka dala kuti anthu amuone. Zikatero mukhala."

"Nanga amene wang'amba uja apepesa liti?"

Mnyamatayo anakanda m'mutu. "Aaa, mama, uja ndi nthabwala chabe. Ndiye amatibweretsera oonera."

"Ndaona msoko wake wa mwana uja," anatero mayi aja. "Anabwereza kawiri. Sindinganamizire ntchito yabwino." Anabweza mpando pamalo pake, napita kukalongedza, pakuti anayenera kuchoka m'mawa mwake.

Tsono pa pulogalamu imeneyo panali mwambo. Wochotsedwa ankayenda yekha kuchokera pakhomo mpaka pageti, chikwama m'manja, kamera ili pankhope. Eni pulogalamu ankafuna misozi, pakuti misozi imakoka anthu. Mayi aja anadziuza kuti salira. Ana awo akuonera, a kumpingo akuonera, mwini sitolo uja akuoneranso. Koma atangoponda panja n'kukumbuka khonde lodontha lija, maso anadzadza misozi. Mnyamata wa kamera anayandikira, mpaka mayi aja anamva kupuma kwake.

Mwadzidzidzi kamera ija inasowa. Pamaso pawo panali maluwa.

Anali Mwandida, atagwira ngodya imodzi ya chitenje chija. Ngodya inayo anagwira ndi mayi wophikira opikisana, amene sankaoneka n'komwe pa kanema, ufa uli m'manja. Mkulu uja anakuwanso, koma atsikana ena awiri anatuluka ndi zitenje zawo, natchinga mbali inayo. Akanachotsa angati? Anangoyenda pang'onopang'ono, mayi aja ali pakati, akulira momasuka ngati ali m'chipinda mwawo. Misozi imeneyo palibe anaiona, kupatula akazi anzawo ndi Mulungu.

Pageti Mwandida anapinda chitenje chija bwinobwino, nachipereka ndi manja awiri, atanyonyomala. "Nsalu yanu, mayi." Anangotero, nabwerera mkati.

Ali mu minibasi, mayi aja anachitambasula pamiyendo. Chitenjecho chinali chakale, m'mphepete chinali chitayamba kuyoyoka. Tsopano anapeza kuti m'mphepete monse mwapindidwa, mwasokedwa ndi singano ya pamanja, msoko waung'ono wowongoka, wobwereza kawiri.

Makina amagetsi aja anapita kwa Chikakwiya. Sindikubisirani zimenezo, chifukwa dziko limatero. Mayi aja anabwerera pakhonde lawo, ndipo mvula ikabwera amathawitsabe nsalu. Koma amayenda mutu uli m'mwamba, ndipo ine ndikati ndiwaganizire, mtima wanga umadzadza.

Amayi anzanga, tanthauzo lake ndi ili. Anthu ali ndi miyeso iwiri. Mwamuna akachita nkhanza amati ndi mphamvu, mkazi akangoti "ayi" amati ndi mwano. Koma kwa Mulungu muyeso ndi umodzi. Tchimo silivala buluku kapena diresi, ndi tchimo basi. Ndipo Iye sawerenga mavoti. Amayang'ana amene anaimirira pamene mnzake anavulidwa ulemu, ena onse akuonera.

Nafenso timaonera. Timaonera pa kanema, pa foni, pa mjigo, ngakhale pakhomo la mnansi pamene tikumva kulira. Tsiku limenelo likakufikirani, musafunse kuti anthu akuombera ndani m'manja. Chitenje muli nacho m'chiunomo. Masulani.