Buku la Atsibweni ndi Singano ya aNachisale

Panali munthu wina m'tauni ya mgodi wa malasha, kuseri kwa mapiri, kumene msewu unkathera. Dzina lake ndikulikumbuka bwino, koma ndilisiya, chifukwa adzukulu ake alipo ndipo amayenda. Munthuyu anasiyiridwa sitolo ndi atsibweni ake.

Sinali sitolo yamasewera. Ukalowa, kudzanja lamanja kunali jombo zolendewera pa waya ziwiriziwiri. Kumanzere maovololo abuluu, makandulo, fodya wa m'mphuno m'timabotolo, ndi zitini za kabaidi, timiyala tija ankaika mu nyali za pachipewa akamatsikira pansi. Fungo lake ndikulimva mpaka lero, ngati adyo wowola.

Atsibweni aja anali munthu wa buku. Chilichonse chodutsa pa kauntala ankachilemba: tsiku, wogula, chimene wagula. Zaka ndi zaka, m'buku lalikulu lachikuto chakuda, lomata ndi nsalu kumsana. Pokapikula katundu sankafunsa munthu. Ankatsegula mwezi womwewo wa chaka chatha, n'kuona zimene zinayenda, n'kukagula zomwezo. Ndipo sankaphonya.

Atadwala, anaitana mwana wa mlongo wawo uja, n'kumuika bukulo pamiyendo.

Anati, "Iwe, sitolo iyi isafe. Ukasokonezeka, funsa buku. Ine silinandinamizepo."

Iye analonjeza. Atsibweni anapita.

Chaka chomwecho mgodi unatsekedwa. Lipenga limene linkaitana anthu ku ntchito linakhala chete. Amuna amphamvu anakwera malole kukafuna ntchito kwina. Anatsala amayi, ana, ndi madala otsokomola. Iwo anatsikira kumtsinje n'kuyamba madimba, ena nthochi, ena mpiru.

Munthu uja anachita monga anauzidwa. Buku linkaonetsa kuti malonda oyamba ankachitika m'mbandakucha, anthu akupita kumgodi. Iye ankatsegula m'mbandakucha. Linkaonetsanso kuti otuluka pansi pomaliza ankagula buledi ndi makandulo. Iye ankawadikira, ngakhale pansipo panalibe wotuluka. Chakudya ankamubweretsera m'kambale, n'kudya yekha kuseri kwa kauntala. Nthawi yopikula ikakwana, ankatsegula masamba a atsibweni. Mwezi uno jombo. Ankagula jombo. Mwezi uno maovololo. Ankagula maovololo.

Koma masamba ake iye anali oyera.

Ndikuuzeni, sanali waulesi munthuyu. Sankamwa, sankaba, sankanyoza ogula. N'chifukwa chake mutu unamuzungulira kwambiri. Ankaika chala china pa tsamba la atsibweni, china pa tsamba lake. Uku kodzaza, uku koyera. Sitolo yomweyo, kauntala yomweyo, mwezi womwewo. Nanga chasintha n'chiyani?

Anaganiza kuti mwina jombo zili mbali yolakwika. Anazisamutsira kumanzere. Palibe chinachitika. Anazibwezera kumanja. Anaganiza kuti mwina wina anamuchita chipongwe pakhomo, anawazapo mchere. Kenako anaona kuti atsibweni ankalemba ndi cholembera chabuluu pamene iye chake chinali chakuda. Anakagula chabuluu. Musaseke. Munthu akasokonezeka amagwira chilichonse.

Chodabwitsa n'chakuti anthu ankalowa ndithu m'sitolomo. Wina ankati, "Muli ndi mbewu ya mpiru?" Iye, "Palibe." Wina, "Mafuta ophikira a pang'ono, a lero lokha?" Iye, "Palibe." Wina ulusi, wina chingwe cha mbuzi, wina mankhwala a chifuwa. Palibe, palibe. Akatuluka, iye ankayang'ana buku, n'kupeza kuti palibe cholemba, poti palibe chimene chagulidwa. Madzulo ankauza mkazi wake kuti, "Leronso sikunabwere munthu." Ndipo ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse.

Tsiku lina mayi wina analowa n'kugula kabaidi, kamwala kamodzi. Munthu uja analemba msangamsanga. Sabata yomweyo bambo wina anagula jombo. Iye anathamangira kunyumba.

"Amake Tiyanjane! Mgodi ukutsegulidwa!"

"Wakuuzani ndani?"

"Buku. Kabaidi wayenda, jombo zayenda. Zimayamba choncho."

Anagulitsa mbuzi zimene anali nazo, n'kukapikula zitini za kabaidi, kuti tsiku lotsegula lisamupeze ali chimanjamanja. Anadikira lipenga. Lipenga silinalire. Pambuyo pake anamva kuti mayi uja amakulunga kamwalako m'pepala n'kukaika m'dengu la nthochi kuti zipse msanga. Bambo wa jombo uja dimba lake linali la m'madzi, ankathawa misundu. Buku linalemba zoona: kabaidi, jombo. Koma za nthochi ndi misundu silinanene.

Apa mkazi wake anatopa.

Anati, "Bambo a Tiyanjane, ana sangadye jombo. Mvula ikayamba ine ndikupita kwathu, kuli munda wa amayi. Mukafuna titsatireni. Mukafuna khalani ndi buku lanu."

Munthu uja anasowa pogwira. Kutsatira mkazi, ndiye kuti sitolo yafa, ndipo iye analonjeza munthu ali pamphasa. Kukhala, ndiye kuti nyumba yafa. Anafunsa buku monga anauzidwa. Buku linati mwezi wa mvula kumayenda jombo.

Mitambo itayamba kusonkhana, kunabwera mayi wina wachikulire, aNachisale. Amuna awo, a Lunguzi, anagwira mumgodi mpaka chifuwa chinawatenga.

"Odi m'sitolo. Mwana wanga, singano."

"Palibe, amayi."

"Palibe? Ndabwera kangati ine kudzafunsa singano? Zigamba za adzukulu anga ndizisoka ndi minga?"

"Tadikirani ndione." Anatsegula buku. Anatsitsa chala tsamba lonse, n'kutembenuza lina. "Simulimo, amayi."

"Sindilimo?"

"M'buku mulibe zoti munabwerapo."

ANachisale anadziyang'ana mapazi, n'kudzigwira pachifuwa. "Ndiye waima panoyu ndani? Mzukwa? Tabwerera cha kumbuyoko. Amuna anga alimo?"

Anabwerera ku masamba a atsibweni. "Alimo. A Lunguzi, jombo. A Lunguzi, fodya. A Lunguzi, makandulo. Alimo kwambiri."

"Aa! Ali kumanda alimo, ine wamoyo mulibe." Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye nyamula jombo zakozi upite kumandako, mwana wanga. Ogula ako onse ali konko, agona pamzere. Sadzakuvuta ndi singano."

Anatembenuka kuti azipita.

Munthu uja anaima njo, cholembera chili m'manja. Mayiyu anamuona ndi maso ake. Anamumva. Ankafuna kumulemba, koma amulembe pati? Tsiku, wogula, chimene wagula. Mayiyu sanagule. M'buku lonse lalikululo munalibe malo a munthu wotuluka chimanjamanja. Atsibweni sanasiye malo oterowo, poti nthawi yawo wotuluka chimanjamanja kunalibe.

Anayang'ana buku, anayang'ana msana wa aNachisale pakhomo. Kenako analitseka. Analizondotsa, n'kulitsegula chakumapeto, kumene kunali masamba osalembapo.

"Amayi, tabwererani. Mwati singano?"

"Ndati singano. Yaikulu bowo, maso anatha."

Analemba: aNachisale, singano yaikulu bowo, palibe.

Wotsatira anafuna mbewu ya mpiru. Iye anati palibe, n'kulemba. Wina chingwe. Analemba. Wina atamva kuti masiku ano m'sitolo akulemba zosowa, anabwera dala kudzatchula sefa, machesi ndi mankhwala a makoswe. Dzuwa lisanapendeke tsamba linali litadzaza. Munthu uja ankangoliyang'ana, kukamwa kuli yasa. Anthu onsewa anali kuti? Anali pomwepo. Ankabwera tsiku lililonse.

Mkazi wake anafika ndi kambale ka chakudya. Kunyumba mtolo anali atamanga kale.

"Bwanji buku lazondoka? Mwayamba kuwerenga chadodolido?"

"Ndikulemba amene sanapeze chimene amafuna."

Mkaziyo anaika kambale pa kauntala.

"Ndilembeni inenso."

"Inu? Mukufuna chiyani, sopo?"

"Lembani dzina kaye." Analemba. "Tsono lembani kuti: bambo wa ana, pamphasa, nthawi yakudya."

Iye anakweza mutu. "Koma zimenezo si za m'sitolo."

"Ndabwera kangati kudzazifuna muno? Malizani. Lembani kuti palibe."

Analemba. Atatero anatenga kambale kaja kasanavundukulidwe, anatseka sitolo dzuwa likanali, n'kutsatira mkazi wake kukadyera kunyumba.

M'mawa mwake ananyamula jombo kupita nazo kumadimba, n'kuzigulitsa kwa anthu othawa misundu. Zimene anapezapo anakapikula zolembedwa kuseri kwa buku. Singano inabwera, yaikulu bowo. Mvula inagwa, mtolo uja unamasulidwa. Sitolo sinabwerere pa ulemerero wa atsibweni, ayi, inali ya tinthu ting'onoting'ono. Koma sinafe. Kabaidi yekha ndiye anakhala pa shelefu zaka zambiri, akununkha, kudikira a nthochi.

Tsono inu mwakhala panonu, musamuseke kwambiri munthu ameneyu. Aliyense wa ife ali ndi buku lake m'mutu. Mkazi wanga amakonda chakuti. Mwana wanga ndi wotere. Bambo anga safuna zambiri. Buku limenelo silinama, linalembedwa zoona. Koma linalembedwa liti? Mwina mgodi unatsekedwa kalekale, inu mukanali kupachika jombo, n'kumadabwa kuti bwanji sakuthokozani.

Mukafika kunyumba lero, musatsegule masamba akale. Mufunseni amene mumakhala nayeyo kuti, kodi wakhala ukudzafuna chiyani kwa ine, ine n'kumati palibe? Akayankha, musamutsutse, musamuuze kuti simulimo. Zondotsani buku, mumulembe.